Mawaya akale m'nyumba ya mayi ku Ngabu: makotesheni awiri, ndalama yosakwana

Make Tadala (Nchalo):
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Nyumba ya mayi anga ku Ngabu inalowa magetsi bambo akadali moyo, zaka zoposa 25 zapitazo, ndipo chiyambire palibe mmisiri amene anakwerapo kudenga kukaona mawaya. Loweruka ndinapita kukawazonda. Mdzukulu wawo anaika ketulo pa soketi ya pabalaza, sipanathe mphindi zitatu tinamva fungo la pulasitiki yopsa. Nditagwira khoma pafupi ndi soketiyo linali lofunda. Mayi akuti zinayamba kale, kungoti sanafune kundidandaulitsa.

Nyumbayo ndi ya zipinda zogona zitatu, pabalaza, bafa ndi khitchini ya panja. Masoketi alipo anayi okha nyumba yonse, ndiye filiji, TV, mafani awiri ndi matchaja a foni zonse zimadalira ma extension. Ndaitana amisiri awiri. Woyamba wati K2,400,000, achotse zonse ayambe mwatsopano. Wachiwiri wati K850,000, angosintha masoketi anayiwo n'kuwonjezera ena 6, mawaya akale asiyidwe. Ine m'manja ndili ndi K1,100,000, ya ku banki mkhonde ndi ya mbuzi zomwe tagulitsa. Ndichite bwanji abale anga?

NaPhiri (Nsanje Boma):
Pepani achemwali. Za ndalama tikambirana, koma choyamba aimbireni mayi pompano. Soketi imeneyo asaikepo chilichonse, ngakhale tchaja. Fungo la pulasitiki si loligonera m'nyumba.

Make Tadala (Nchalo):
Ndawaimbira, achotsa zonse. Ketulo ndabwera nayo kuno kuti mwana uja asayesenso.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Mayi a Tadala, ndisanayankhe ndifunseko zitatu. Pamene pamalowera magetsi m'nyumbamo, kuseri kwa mita, pali chiyani? Mabreaker okweza ndi kutsitsa kapena mafyuzi akale oyera aja? Chachiwiri, panja pafupi ndi mita mwaonapo waya wobiriwira wolowa pansi? Chachitatu, amisiri awiriwo anakulemberani pa pepala zinthu zogula kapena anangotchula ndalama pakamwa?

Make Tadala (Nchalo):
Pali kabokosi kakuda ka main switch ndi mafyuzi awiri oyera. Imodzi inapsa chaka chatha, mnyamata wapafupi anakulungamo kawaya kuti magetsi ayake. Waya wolowa pansi sindinauone. Woyamba analemba pa pepala koma mwachidule, wachiwiri anangonena pakamwa ataimirira pakhonde, m'nyumba analowamo pang'ono chabe.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Zikomo. Ndiye ndilankhule mosabisa, mundikhululukire ngati nditalikitse.

Kawaya komwe anakulunga pa fyuzi kaja ndi koopsa kuposa soketi yomwe yanunkhayo. Ntchito ya fyuzi ndi kupsa msanga katundu akachuluka, kuti waya wa m'khoma asapse. Mukaikamo waya wokhuthala, fyuzi siipsanso, chimene chimatentha tsopano ndi waya wa m'khoma ndi wa kudenga. N'chifukwa chake khoma linafunda.

Tiwerengere limodzi. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi a 230 volts. Ketulo ya 2000 watts imakoka pafupifupi ma amp 9. Simbi ya 1200 watts imakoka 5. Hot plate ya mbale ziwiri zikayaka zonse imafikanso 9 kapena kuposa. Zitatuzi zikakumana nthawi imodzi mwadutsa 20. Pulagi yathu ya mano atatu malire ake ndi ma amp 13, ndiye kuti ma watts pafupifupi 3000, ndipo extension yotchipa ya pamsika siifika n'komwe pamenepo. Nyumba zambiri zakale ankazilumikiza poganiza mababu ndi wailesi basi, ena mpaka masoketi anawakokera waya wa 1.5mm womwe ndi wa mababu. Lero waya yemweyo akusenza filiji, ketulo ndi mafani usana ndi usiku.

Ndiye pali nkhani yathu ya kuno kuchigwa yomwe amisiri ena saiganizira. Mphamvu yomwe waya amayenera kunyamula amaiwerengera pa kutentha kwa madigiri 30. Kuno October ndi November panja pamadutsa 40, nanga pakati pa malata ndi siling'i? Pamene pafika madigiri 50, waya wokutidwa ndi PVC amayenera kunyamula magawo 7 okha mwa 10 a zomwe akananyamula. Pa 60 ndi theka lenileni. Pulasitiki yake ikaphikidwa choncho zaka 25 imauma, ukaipinda imathetheka ngati chikopa chouma.

Choncho mmisiri wa K850,000 uja akufuna kuwonjezera masoketi 6 pa waya wotopa kale, wopanda chomuteteza. Masoketi adzaoneka oyera bwino, koma katundu pa wayayo achuluka kuposa lero. Ine sindingakulangizeni zimenezo.

Bambo a Mphatso (Livunzu):
A Mbewe, ulemu wanu, koma tiyeni tiziyang'ananso thumba la munthu. Mayiwa ali ndi 1.1, inu mukuwalozera ku 2.4. Enafe tikukhala m'nyumba za mawaya akale omwewo ndipo sizinapse. Ngati asintha soketi yopsayo n'kugula fyuzi yoyenera, sangadikire mpaka chaka chamawa akagulitsa chitowe?

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Bambo a Mphatso, za thumba mwanena zoona ndipo sindikuwatuma kukatenga katapila. Sindinati alipire 2.4 lero. Ndikuti ndalama yomwe ilipoyo isathere pa zinthu zooneka ndi maso. Ntchito imeneyi imagawika, koma ili ndi poyambira pake. Kudikira angadikire ngati mmisiri wakwera kudenga n'kupeza kuti mawaya akadali bwino. Pakadali pano palibe amene waona.

Amalume a ku Bangula:
Mwana wanga, ndimvere ine wamkulu. Golosale yanga inapsa usiku, ndipo sinali nyumba yakale ayi, inali ndi zaka zinayi. Ndinapatsa ntchito mnyamata wina chifukwa anatchula mtengo wochepa. Moto utazima tinapeza kuti kudenga analumikiza mawaya pongowapota n'kukulunga tepi, popanda kabokosi, atagona pa mtanda wouma. Filiji ya zakumwa inkayaka osapuma chifukwa cha kutentha, polumikizirapo pankatentha tsiku ndi tsiku ife osadziwa. Sugar, sopo, mafuta, ndalama za tsiku limenelo, zonse zinathera momwemo. Mwayi wake munalibe wogonamo. M'nyumba ya mayi ako mukugona anthu, ndipo mawindo a kuno ambiri ali ndi zitsulo. Chakudza sichiimba ng'oma. Bambo a Mphatso, inenso ndinkati sizinapse, mpaka usiku umenewo.

Bambo a Mphatso (Livunzu):
Pepani amalume, sindinadziwe kuti zinakuonekerani. Ndamva.

Make Tadala (Nchalo):
Amalume mwandiopsa koma mwandithandiza. A Mbewe, poyambira pakepo ndi pati? Ndiuzeni ngati mukuuza mwana wa sukulu, kuti ndikakumana ndi mmisiri ndisamangogwedeza mutu.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Poyambira ndi pa bolodi, timati DB. Mafyuzi aja achoke, pabwere DB ya mabreaker yokhala ndi earth leakage ya 30mA. Breaker imateteza waya kuti asapse. Earth leakage imateteza munthu: magetsi akayamba kuthawira pa chitseko cha filiji kapena m'thupi la mwana, imazimitsa nthawi yomweyo. Gulani DB yokhala ndi malo otsala, ngakhale lero mugwiritse anayi okha, kuti mawa mukafuna cooker musagulenso ina.

Pamodzi ndi DB pamafunika earth rod, chitsulo chokutidwa mkuwa chomwe timakhomera pansi, ndi waya wake wobiriwira ndi chikasu wofika pa soketi iliyonse. Dothi lathu likauma chilimwe silitulutsa magetsi bwino, ndiye mmisiri ayeze ndi chipangizo, asangokhoma n'kuchoka. Nthawi zina pamafunika zitsulo ziwiri.

Kenako mzere wa masoketi, chifukwa ndi umene umasenza katundu wolemera. Waya wa 2.5mm, m'mapaipi a PVC, pa breaker ya ma amp 20. Ine ndikanayamba ndi pabalaza ndi pamene pali filiji ndi pophikira. Mababu amafuna waya wa 1.5mm pa breaker ya 6 kapena 10, ndipo ngati mwaika mababu a LED a ma watts 9 katundu wake ndi wochepa kwambiri, moti mzere umenewo ungadikire gawo lachiwiri ngati wayezedwa n'kupezeka wabwino. Cooker yaikulu imafuna mzere wakewake wa 6mm pa breaker ya 32. Ngati mayi alibe cooker, musagule wayayo lero, koma paipi yake ikwiriridwe m'khoma lero lomwe kuti musadzagumule kawiri.

Zomwe zingadikire popanda vuto ndi zokongoletsa: magetsi a siling'i onyezimira, maswitchi odula, mababu a pampanda. Switchi yoyera wamba ya kampani yodalirika imagwira ntchito chimodzimodzi.

Chenjezo limodzi. Mukaika earth leakage pa mawaya akale, nthawi zina imayamba kugwa pafupipafupi. Anthu amakwiya n'kuuza mmisiri aichotse. Musalole. Ikamagwa ndiye kuti yapeza pamene magetsi akuthawira, mzere umenewo uzimitsidwe mpaka ukonzedwe.

NaPhiri (Nsanje Boma):
Ndiwonjezereko za madzi, poti tili kuchigwa. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 madzi analowa m'nyumba mwathu mpaka m'mawondo. Masoketi onse anali mmunsi, pafupi ndi simenti, monga amaikira m'tauni. Madzi ataphwa munali matope okhaokha, ndipo mapaipi a m'khoma anasunga madzi masabata angapo. Tinasintha onse. Pokonzanso ndinauza mmisiri awakweze afike m'chiuno, ndipo mawaya azichokera kudenga kutsika, osati kuyenda mmunsi mwa khoma. Waya amalowa wocheperako chifukwa satsika mpaka pansi. Kwa mayi okalamba ndi bwinonso, sawerama polumikiza fani.

Make Tadala (Nchalo):
Kwa mayi madzi sanalowepo m'nyumba, koma mu 2022 anafika pa sitepe ya khonde. Ndikweza ndithu. Msana wawonso umavuta, ndiye mfundo yowerama ija yandigwira mtima.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
NaPhiri anena bwino. DB nayonso ikhale pamwamba, koma poti munthu wamkulu afikepo ndi dzanja osakwera mpando. Madzi akamabwera usiku mumafuna kuzimitsa main switch msanga. Ndipo nyumba yomwe inamira isayatsidwe mmisiri asanayeze mawaya ndi megger, chipangizo choonera ngati waya akutaya magetsi, ngakhale khoma lioneke louma.

Achimwene a ku Joni (kwathu Tengani):
Moni nonse kumudzi. Achemwali, ine ndinamanga kwa Tengani ndili kuno ku Johannesburg ndipo ndinaphunzira movutika. Ndinkatumiza ndalama ya zipangizo ndi ya ntchito pamodzi, mmisiri n'kumagula yekha. Nditabwera pa tchuthi ndinapala waya wotsala ndi mpeni, mkati munali moyera. Unali aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Waya wotere amatentha msanga ndipo amathyoka pa sikuluwu. Langizo langa, mmisiri alembe mndandanda, zipangizo mukagule nokha ku Limbe kapena mupite naye limodzi, iye mumulipire ya ntchito yokha.

Poyesa waya m'shopu: palani kansonga, mkuwa weniweni ndi wofiirira mpaka mkati. Nyamulani mpukutu, wa mkuwa umalemera. Ndipo funsani ngati ulidi wa mamita 100, chifukwa ina imalembedwa choncho koma imaperewera.

Ngati mukufuna ndikhoza kukutumizirani masoketi kuchokera kuno pa basi.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Achimwene, mtima wabwino, koma masoketi a ku Joni musatumize. Kumeneko mano a pulagi ndi obulungira, kwathu ndi a makona anayi, a ma amp 13. Mayi adzayamba kugula ma adapter kapena kukakamiza pulagi, vuto lomwe tikuthawali n'kubwereranso. Za waya mwanena zoona zokhazokha. Kungoti mmisiri wabwino sakana kupita nanu ku shopu. Akakana, dziwani kuti phindu lake analibisa m'zipangizo.

Achimwene a ku Joni (kwathu Tengani):
Ndamva a Mbewe, za masoketi ndasiya.

Mphunzitsi wa ku Miseu Folo:
Ine ndilankhuleko za bajeti yeniyeniyo, poti ndinadutsamo chaka chatha. Cholakwika chomwe ambiri timachita ndi kuwerenga mawaya ndi mmisiri basi. Koma akagumula khoma kuti akwirire mapaipi, pamafunika simenti, mchenga, womanga woti apake pulasitala, kenako laimu kapena penti. Pamafunika thiransipoti yokwera Thabwa ndi kutsika ndi katundu, ndipo mapaipi a PVC ndi aatali, pa minibasi amalipiritsa padera. Amisiri adzadya nsima masiku onse a ntchito. Ndiye pali tizinthu tomwe sitikhala pa kotesheni koma timatha ndalama: timabokosi ta m'khoma, ma coupling, ma saddle, guluu wa mapaipi, masikuluwu. Ine ndinapatula gawo limodzi mwa magawo khumi kuti likhale la zadzidzidzi, ndipo linatha lonse.

Ngati ndalama yavuta kwambiri, pali njira yoyendetsa mawaya pamwamba pa khoma m'ma trunking oyera aja. Sizikongola ngati zokwirira, koma simugumula, simugula simenti, ndipo ntchito imatha msanga. M'zipinda zogona ine ndinachita choncho.

Chinanso, gulani waya kaye. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Zipangizo zamagetsi pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndiye mitengo inasintha sabata yomweyo. Ndalama yosunga m'foni imachepa mphamvu, koma mpukutu wa waya ukaugula n'kuusunga pouma suwola. Kotesheni iliyonse muzifunsa kuti igwira ntchito masiku angati.

Make Tadala (Nchalo):
Aphunzitsi anzanga, za simenti ndi penti sindinaziganizireko n'komwe. Ndalemba. Trunking m'zipinda zogona ndavomera, mayi sangadandaule.

Nanga mmisiri ndimulipire bwanji? Woyamba uja akufuna theka asanayambe.

Mphunzitsi wa ku Miseu Folo:
Ngati zipangizo mwagula nokha, theka ndi lambiri. Ine ndinagawa patatu: pang'ono poyamba, ina atamaliza kukoka mawaya, yotsala atayeza zonse ine ndikuona. Tinalemberana pa pepala, mboni inali mkulu wa mpingo.

Mnyamata wa pa Thabwa:
Koma akuluakulu, bwanji osangoika sola? Mamiliyoni onsewa pa mawaya, pomwe dzuwa kuno ndi laulere. Mwaiwala mdima uja Kapichira itawonongeka?

Amalume a ku Bangula:
Sitinaiwale mwana wanga. Namondwe Ana mu January 2022 anagumula damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo panadutsa chaka EGENCO, kampani yopanga magetsi, isanabwezeretse makina onse. Sola ndi yabwino, inenso ndili nayo ya mababu ndi foni. Koma ketulo ndi simbi pa sola yaing'ono sizitheka.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Achimwene a pa Thabwa, sola siichotsa vuto la mayiwa. Magetsi a inverter akalowa m'nyumba adzayenda m'mawaya omwewo ouma aja. Koma mwakumbutsa chinthu chabwino. Pokonza DB, mmisiri apatule mzere wa mababu, mafani ndi TV paokha, kuti tsiku lomwe mudzagule inverter kapena jenereta adzangoika changeover switch, switchi yosankhira pakati pa magetsi a ESCOM ndi anuwo. Fani ya ma watts 60 ikayaka maola 10 imadya mayunitsi 0.6 okha, ndiye batire ikhoza kuikwanitsa usiku wotentha.

Ndipo ndipemphe gulu lonse: musamalumikize jenereta polowetsa waya pa soketi ya m'nyumba. Magetsiwo amabwerera ku mzere wa panja ndipo akhoza kupha munthu amene wakwera pa pholo akuganiza kuti mzere wazima.

Mnyamata wa pa Thabwa:
Za jeneretazo anthu amachitadi pa maliro ndi pa ukwati. Sindinkadziwa kuti amabwerera. Zikomo.

Mayi a Chikondi (Fatima):
Ndifunseko nanga ife a lendi? Nyumba yomwe ndikukhala, ndikagwira mpopi wa ku bafa kapena filiji ndili osavala nsapato ndimamva kunyerenyetsa. Eni nyumba akuti ndi mmene ilili.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Mayi, si mmene ilili ayi. Kunyerenyetsako ndi magetsi akuthawa, ndipo nyumbayo ilibe earth yogwira ntchito. Lero akunyerenyetsa chifukwa mapazi ndi ouma, tsiku lomwe pansi padzanyowe zidzakhala zina. Ana asagwire filijiyo. Kambiranani ndi eni nyumba kuti muitane mmisiri, ndalama yake idulidwe pa lendi, ndipo mulemberane.

NaPhiri (Nsanje Boma):
Mayi a Chikondi musazengereze chonde. Ngati eni nyumba akana, kuli bwino kusamuka.

Bambo a Mphatso (Livunzu):
Ndabweranso ndi funso, tsopano lofuna kudziwa. Mmisiri weniweni timamudziwa bwanji? Aliyense wonyamula tester ndi pulayazi amati ndi wamagetsi.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Mufunseni chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Ndi limene limapereka chilolezo kwa amisiri olumikiza magetsi m'nyumba, ndipo amene ali nacho sachita manyazi kuchionetsa. Funsaninso nyumba ziwiri zomwe anagwirapo, mukacheze ndi eni ake. Onaninso zomwe wanyamula. Ngati ali ndi ka tester koyaka ngati sikuludiraiva kokha, sangayeze earth, sangayeze ngati waya akutaya magetsi.

Ndipo dziwani malire. Kuchokera pa pholo kufika pa mita ndi za ESCOM. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi za mwini nyumba. Mmisiri wanu asadule loko wa pa mita kapena kuisuntha yekha. Ngati mita ikufunika kusamutsidwa, mukanene ku ofesi ya ESCOM, abwere okha.

Make Tadala (Nchalo):
Abale, ndasowa masiku anayi, ndinali ku Ngabu. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Mmisiri wachiwiri uja nditamufunsa chiphaso anati anachisiya kwa mchimwene wake, ndipo sanabwerenso. Woyamba anabwera nacho. Ndinamupempha akwere kudenga ajambule ndi foni. Zomwe ndinaona sindidzaiwala. Malo atatu makoswe anatafuna waya mpaka mkuwa kuonekera. Pena mawaya anawapota n'kukulunga ndi jumbo, ngakhale tepi panalibe. Waya wopita ku khitchini ya panja ndi wofewa uja wa wailesi, wangodutsa pa mtanda womwe chiswe chadya. Wa soketi ya pabalaza ndi 1.5mm monga munanenera a Mbewe, ndipo wada ngati khala kutalika kwa mkono wanga. Mayi ataona zithunzizo anangokhala chete, kenako anati adzukulu agone kwa achemwali awo mpaka tikonze.

Ndinamuuza mmisiriyo kuti 2.4 ndilibe, tigawe ntchito. Sanavute. Tinakhala pansi ndi kope, analemba chilichonse ndi kuchuluka kwake. Gawo loyamba: DB ya malo 8 ndi earth leakage, earth rod, mzere watsopano wa masoketi a pabalaza ndi filiji, mzere wa khitchini ya panja m'paipi, ndi kudula mawaya onse akale a masoketi kuti asakhalenso ndi moto. Koma mzere wa mababu wati sungadikire chifukwa ndi umene makoswe adya kwambiri, ndiye walowanso m'gawo loyamba. Masoketi a m'zipinda zogona ndi paipi ya cooker ndiye gawo lachiwiri. Gawo loyambalo likupitirira ndalama yanga ndi K380,000, kuphatikizapo simenti ndi thiransipoti.

Amalume a ku Bangula:
Mwana wanga, kodi mayiwo anabereka iwe wekha? Tumiza zithunzizo kwa abale ako onse, osawonjezera mawu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa ndi denga lenileni.

Make Tadala (Nchalo):
Tilipo anayi amalume. Ndinkaopa kuti aziti ndikufuna kulamulira nyumba ya makolo. Koma ndatumiza usiku wathawu. Mlongo wanga wa ku Lilongwe waimba m'mawa uno, wati apereka K250,000 mwezi ukatha. Wamng'ono wathu alibe ndalama koma wati adzagumula makoma ndi kupaka pulasitala yekha, poti ndi womanga. Ndiye ya womanga yachoka pa bajeti.

Mphunzitsi wa ku Miseu Folo:
Zayenda bwino. Koma paipi ya cooker musaisiyire gawo lachiwiri ngati khoma la kukhitchini likugumulidwa pano. Paipi yokha siidula, chodula ndi wayayo.

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Aphunzitsi anena zoona, ikwiriridwe pano ndi kachingwe mkati kodzakokera waya. Mmisiri wanuyo akuoneka wodziwa ntchito, poti waona yekha kuti mababu sangadikire. Ndikupempheni zinthu zochepa pa tsiku lomaliza. Kudenga konse waya ayende m'paipi chifukwa cha makoswe aja, ndipo polumikizira paliponse pakhale m'kabokosi kotseka. Akuonetseni zomwe chipangizo chawerenga pa earth. Alembe pa DB kuti breaker iyi ndi ya chiyani, m'Chichewa, kuti mayi aziwerenga okha. Ndipo awaonetse mayi kabatani koyesera kolembedwa T pa earth leakage, adine okha aone magetsi akuzima, kuti azidina miyezi ingapo iliyonse. Mawaya akale omwe achotsedwe ndi anu, mkuwa umagulidwa, musawasiye angonyamulidwa.

Bambo a Mphatso (Livunzu):
Zithunzi zomwe mwafotokozazo zandipangitsa kuti ndikwere kudenga kwanga dzulo, nditazimitsa main switch. Ndapeza chisa cha makoswe pa mawaya penipeni. A Mbewe, kodi mumawoloka kubwera ku East Bank kuno?

A Mbewe amagetsi (Dyeratu):
Ndimabwera, mvula isanayambe msewu ukadali bwino. Ndilembereni kumbali tigwirizane tsiku. Pakadali pano musagwire chisacho.

Make Tadala (Nchalo):
Lachisanu ndikukwera ku Limbe ndi mmisiriyo, mpeni wopalira waya ndatenga kale achimwene a ku Joni. Ntchito iyamba Lolemba. Wati azikwera kudenga 5 koloko m'mawa n'kutsika isanakwane 10, chifukwa kupitirira apo malata sapirika. Funso langa lotsala: masiku amene magetsi adzakhale ozimitsidwawo, filiji ya mayi muli mankhwala awo a shuga ofunika pozizira. Alipo wa ku Ngabu pa gulu pano amene angatisungire masiku atatu kapena anayi?

Nachisale (Ngabu):
Ndilipo achemwali, ndimangowerenga osayankha. Ndimakhala kufupi ndi msika ndipo filiji yanga ili ndi malo. Abweretse Lamulungu madzulo, ndipo m'mawa uliwonse mwana wanga aziwapititsira pa njinga.